Kodi metformin wotchipa amagwira ntchito mofanana ndi Glucophage?

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera imelo yokhudza bambo ake amene ali ndi matenda a shuga. Dokotala wa pachipatala cholipira anawalembera Glucophage, koma atafika kufamase anauzidwa kuti palinso metformin wochokera ku India wotsika mtengo kwambiri. Funso lawo ndi lakuti, kodi kutchipako sikukusonyeza kuti mankhwalawo ndi ochepa mphamvu?

Mayi, Glucophage ndi dzina la malonda chabe, ndipo chimene chimatsitsa shuga m'mapiritsi amenewo ndi metformin yemweyo. Mankhwalawa ndi akale ndithu, pakuti dokotala wa ku France, Jean Sterne, anayamba kuwapereka kwa odwala shuga mu 1957. Kampani ikatulukira mankhwala atsopano imapatsidwa ufulu wowapanga ndi kuwagulitsa yokha, nthawi zambiri kwa zaka 20, ndipo pa nthawi imeneyo imaika mtengo umene ikufuna kuti ibweze ndalama zimene inawononga pa kafukufuku. Zakazo zikatha makampani ena amaloledwa kupanga mankhwala omwewo, ndipo popeza safunika kubwereza kafukufuku yense, komanso akulimbirana ogula, mtengo umagwa. Kwa metformin ufulu umenewu unatha kalekale, choncho ndalama zoonjezera zimene mungalipire lero kwenikweni ndi za dzina ndi kutchuka kwake. N'chimodzimodzinso ndi mankhwala ena a shuga monga Daonil, amene ndi glibenclamide, ndiponso Diamicron, amene ndi gliclazide.

Wopanga mankhwala otchipawo amayenera kusonyeza kuti mapiritsi ake amalowa m'magazi pa mlingo ndi liwiro lofanana ndi la oyamba aja. Mtundu, maonekedwe ndi zosakaniza zoumbira piritsi zikhoza kusiyana, koma mankhwala enieniwo sasiyana. Kuno ku Malawi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndilo limalembetsa mankhwala, ndipo ambiri amene Central Medical Stores Trust imatumiza m'zipatala za boma ndi a mtundu womwewu umene mukuukayikira. Chimene ine ndimaopa si India ayi, koma mapiritsi ogulitsidwa pamsika kapena m'grosale, amene ayanikidwa padzuwa ndipo alibe bokosi loonetsa tsiku lotha ntchito.

Mukamasintha, yang'anitsitsani zinthu ziwiri pabokosi. Mphamvu ifanane ndi imene dokotala analemba, kaya ndi 500 mg, 850 mg kapena 1000 mg. Komanso ngati analemba wokhala ndi zilembo XR kapena SR, ameneyo amasungunuka pang'onopang'ono m'thupi ndipo kamwedwe kake ndi kosiyana, kotero sayenera kusinthidwa ndi metformin wamba popanda kufunsa dokotala. Ndi bwinonso kuti bambo aziyeza shuga pafupipafupi m'masabata oyamba.

Nkhani ya insulin, ngati tsiku lina adzafike pomabaya jakisoni, ndi ina. Insulin amapangidwa pogwiritsa ntchito tizamoyo tating'onoting'ono, ndipo kumupanga wofanana ndendende n'kovuta, n'chifukwa chake makampani atatu okha, Novo Nordisk, Eli Lilly ndi Sanofi, ndiwo agwira gawo lalikulu la msika wa dziko lonse. N'zomvetsa chisoni tikakumbukira kuti amene anamutulukira ku Toronto mu 1921 anagulitsa ufulu wawo ku yunivesite pa dola imodzi aliyense. Alipo otsikirako mtengo, koma kusintha mtundu wa insulin kumafuna kuti dokotala aunikenso mlingo.

Mankhwala ambiri timagula kunja ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo m'mafamase inakwera. Shuga ndi matenda a moyo wonse, ndipo mabanja ambiri amayamba ndi mankhwala odula kenako n'kumadumphitsa masiku ndalama zikachepa, zimene zimawononga impso, maso ndi mapazi mwakachetechete. Pemphani dokotala kuti papepala alembe dzina lakuti metformin pamodzi ndi mphamvu yake, ndipo mugule kufamase yovomerezeka mtundu umene mungathe kumagula mwezi ndi mwezi osalekeza.