Kodi Kaleidoscope ya malume inapita kuti?

FUNSO: Akulu, malume anga anali pa sukulu ku Britain m'zaka za m'ma 1980, ndipo mpaka lero sasiya kutamanda pulogalamu ya pa wailesi yotchedwa Kaleidoscope. Ine ndili kuno chaka chachitatu, ndasakasaka pa BBC koma osaipeza. Ikadalipo?
Wowerenga wa ku Leicester

YANKHO: Achimwene, lekani kusaka. Malumewo sakunama, kungoti pulogalamuyo inatsekedwa mu 1998, itamveka zaka 25 pa BBC Radio 4.

Inayamba mu 1973, ndipo poyamba inkaphatikiza za sayansi ndi za luso. Dzinalo linkayenera: kaleidoscope ndi kachidole ka magalasi kamene ukasuzumiramo n'kumakatembenuza, mitundu imangosinthasintha. Pasanapite nthawi sayansi inapatsidwa bwalo lakelake, Kaleidoscope n'kutsala ndi mabuku, zisudzo, mafilimu, nyimbo ndi zojambula. Mukawaimbira malume, atchulireni dzina la Paul Vaughan. Bambo ameneyu anayendetsa pulogalamuyi zaka zambirimbiri, ndipo mawu ake omwewo ndi amene ankafotokoza za sayansi pa Horizon ya pa kanema.

Amene anaitseka ndi James Boyle, mkulu wa Radio 4 pa nthawiyo, pamene anagwedeza ndandanda yonse ya wailesiyo. Ntchito yokha sinafe. M'malo mwake munalowa Front Row, yomwe anayamba nayo ndi Mark Lawson ndi Francine Stock. Lawson anachoka mu 2014, chaka chomwe Samira Ahmed analowa. Tsegulani wailesi 7:15 madzulo, likangotha sewero la The Archers, muipeza.

Ine ndimaimvera, koma dandaulo ndili nalo. Alendo ambiri amabwera atasenza malonda: uyu buku latsopano, uyo filimu yotuluka mawa. Ndiye mukudziwa, mlendo sumuuza m'maso kuti ndiwo zake zachepa mchere. Kucheza kumakoma ndithu, koma womvera amatsala osadziwa ngati bukulo n'loyenera ndalama zake. N'chifukwa chake ine ndimadikira Lachinayi, tsiku limene amaitana akatswiri ounika kuti akangane za zimene aonera ndi kuwerenga sabata imeneyo, mwini wake palibe. Pamenepo wina amatha kunena kuti sewero lakutilo ndi lotopetsa, mnzake n'kumukanira mpaka nthawi kutha.

Yambirani ya Lachinayiyo, kenako muwafotokozere malume. Ndikukayika ngati avomere kuti ikufanako ndi yawo ija.