Muuzeni za madziwo musanalandire ndalama

Achimwene, mwafunsa ngati n'kofunika kuuza wogula kuti madzi amadikha kuseri kwa nyumba yanu dzinja lililonse. Muuzeni, ndipo zilembedwe m'kalata yogulitsirana, asainire.

Penti amabisa mu Okutobala mokha. Ikafika Januwale, chinyontho chimakwera khoma mpaka m'mawondo, pulasitala n'kumafumbutuka, dzenje la chimbudzi n'kudzaza madzi. Ndipo aneba sasunga chinsinsi, adzamuuza kuti munkadziwa. Akakufunsani inu n'kukana, kumeneko ndi kunamiza wogula, angathe kukukokerani kukhoti.

Chidutsireni namondwe wa Freddy mu 2023, wogula wochenjera ku Blantyre amayamba wayang'ana kolowera madzi asanaone n'kuchipinda komwe. Itanani mmisiri awerengere ndalama zomangira ngalande ya simenti, muzichotse pa mtengo wa nyumbayo. Koma ndikanakhala ine, ndikanamangiratu ngalandeyo mvula isanagwe.