Kuwala kwa luciferase kokha sikukwanira pa maselo a myeloma ochita kupatsidwa

Anzanga, maselo a MM.1S-luc (maselo a myeloma, khansa ya m'mafuta a m'mafupa, olowetsedwa jini ya luciferase, enzyme yotulutsa kuwala) amene mwapatsidwa ndi labotale ina musafulumire kuwabaya m'mbewa sabata ino monga mukuganizira, ndipo kuwala kwa pa makina a IVIS, ojambula kuwala kochokera m'thupi la mbewa, kusakhale umboni wanu wokhawo wakuti mankhwala akupha myeloma. Ndikulemba mtima ukundipwetekabe, chifukwa zoterezi zinationongera ntchito yaikulu ndiponso zinaphetsa mbewa zambiri pachabe.

Ife tinalandira kabotolo kuchokera kwa wofufuza wina wamkulu amene anatitsimikizira kuti maselowo amawala bwino kwambiri, ndipo pa kabotolopo panalembedwa dzina la maselo lokha, popanda nambala ya passage (yosonyeza kangati agawidwa n'kubzalidwanso) kapena tsiku limene anawaumitsa. Titawayesa m'mbale zokulitsira maselo, anawaladi atathiridwa luciferin, imene luciferase imagwiritsa ntchito potulutsa kuwala, choncho tinawabaya mu mtsempha wa kumchira wa mbewa za NSG (za chitetezo cha m'thupi chofooka kwambiri), n'kuzigawa m'magulu awiri, lina lolandira mankhwala ndi lina losalandira. Masabata oyambirira zonse zinkaoneka zolongosoka: timadontho towala tinaonekera m'fupa la msana, m'ntchafu ndi m'chigaza, momwe MM.1S imakonda kukhazikika. Kenaka kuwala kunasiya kukwera m'magulu onse awiri, koma m'gulu la mankhwala kunatsika mpaka kutsala pang'ono kuzimiririka, ndipo pa msonkhano wa labotale tinauzana kuti mankhwala akugwira ntchito.

M'mawa wina nditatsegula khola la gulu la mankhwala ndinapeza mbewa ikudzikwakwaza ndi miyendo yakutsogolo, yakumbuyo ili lende ngati si yake, ubweya utanyankhalala, ikulephera ngakhale kufikira pa botolo la madzi. Khola lotsatira linalinso chimodzimodzi, ndipo sabata isanathe kupuwalako kunali kutafika m'magulu onse awiri mosasankha. Ndinaigoneka tulo mbewa yoyamba ija, n'kuibaya luciferin, n'kuiika m'makina, ndipo chithunzi chimene chinatuluka chinali pafupifupi chakuda, kupatula kadontho kobiriwira pa bondo limodzi. Ndinangoti kakasi pamaso pa kompyuta, m'thupi mutangoti zii, chifukwa nyama imene inali kufa ndi chotupa chopanikiza msana makina ankaionetsa ngati yochira. Titatsuka mafupa a m'ntchafu n'kuyesa pa flow cytometry, njira yowerengera maselo potengera zizindikiro zawo, mafuta a m'mafupa anali odzaza ndi maselo a munthu okhala ndi CD138, chizindikiro cha maselo a myeloma, koma ochepa okha ndi amene anali ndi GFP, puloteni yowala mobiriwira imene inalowetsedwa pamodzi ndi luciferase. Titayesa magazi pa njira ya ELISA, lambda light chain, puloteni imene MM.1S imatulutsa, inali pamwamba m'mbewa zonse.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi yankho la mwini maselo uja. Poyamba anati kwawo amagwira bwino ntchito, ndipo mwina ife sitidziwa kubaya luciferin. Titamutumizira zotsatira za flow, m'pamene anaulula, mopanda manyazi n'komwe, kuti maselowo sanachokere ku clone imodzi (gulu lochokera ku selo limodzi), kuti puromycin, mankhwala osankhira amene amapha maselo osalowetsedwa jini, anasiya kale kuthira chifukwa amachedwetsa kukula, ndiponso kuti jini ya luciferase inali pansi pa promoter (gawo la DNA loyatsa jini) ya CMV. Munthu amene wakhala zaka pa ntchitoyi amadziwa bwino kuti CMV imatha kutsekedwa ndi methylation m'maselo a m'magazi, ndi kuti m'gulu losakanikirana maselo osawala angathe kuchulukana kuposa anzawo mankhwala osankhira akachotsedwa. Mfundo zitatu zimenezi zikanakwana pa kapepala kamodzi komata pa kabotolo, koma iye anangokhala chete, ndipo pambuyo pake anafunsanso ngati dzina lake lidzaikidwe pa pepala lofalitsa zotsatira.

Kumbukirani chimene makinawo amayesa. Luciferase ya chiphaniphani imafuna luciferin, ATP, magnesium ndi okosijeni kuti itulutse kuwala, motero chithunzi chimakuuzani za maselo amoyo amene akupangabe enzyme imeneyi ndipo luciferin yawafikira, osati za kukula kwa chotupa chonse. Kuwala kwake kumazungulira 560 nm pa utali wa mafunde a kuwala, pamene hemoglobin imameza kwambiri kuwala kwa pansi pa 600 nm, choncho selo lobisika m'kati mwa fupa limaoneka lofooka kuposa lapafupi ndi khungu. Mlingo wozolowereka ndi 150 mg/kg wobayidwa m'mimba, ndipo kuwala kumafika pachimake patapita mphindi pafupifupi 10 mpaka 15, koma nthawi imeneyi muipeze nokha pa mbewa zanu pojambula motsatizana, chifukwa nyama yodwala kwambiri magazi ake sayenda ngati ya thanzi. Mbewa muijambule chagada ndiponso chafufumimba. Ngati mudzasamukira ku 5TGM1, maselo a myeloma ya mbewa, m'mbewa za C57BL/KaLwRij, muzimete kaye popeza ubweya wakuda umabisa kuwala, ndipo muziyesa IgG2b, puloteni imene maselowa amatulutsa, m'magazi mbali ina.

Musanagule mbewa ngakhale imodzi, tumizani maselo ku STR, kuyesa kwa DNA kotsimikizira kuti ndi mtundu womwe walembedwawo, ndipo muwayese mycoplasma, tizilombo toipitsa maselo a m'mbale. Nkhani ya mayina olakwika si yachilendo pa myeloma: ARH-77 ndi IM-9 anagwiritsidwa ntchito zaka zambiri monga myeloma pamene ali maselo a B osinthidwa ndi kachilombo ka EBV. Kenaka tsatirani kuchuluka kwa maselo okhala ndi GFP kwa masabata angapo popanda puromycin, chifukwa m'thupi la mbewa mulibe puromycin. Yerekezaninso kakulidwe kawo ndi MM.1S yosasinthidwa, ndipo muone ngati akufabe ndi dexamethasone, popeza chimenecho n'chimene chimawasiyanitsa ndi MM.1R. Mankhwala anu akakhala a gulu la HDAC inhibitors monga panobinostat, chenjerani kwambiri, chifukwa angathe kudzutsa promoter ya CMV n'kukweza kuwala pamene maselo akufa. Ine masiku ano ndimasankha promoter ya EF1-alpha.

Komabe musataye kabotolo kanuko. Kupanga maselo anu ndi lentivirus, kachilombo kolowetsera jini, kumadya miyezi, maselo a myeloma ena savomera msanga kulowetsedwa jini, ndipo clone imodzi imene ndinkailakalaka ija ili ndi vuto lakenso, chifukwa ingathe kukhala yosiyana ndi gulu limene inachokera pa kakulidwe ndi pa kamvedwe ka mankhwala. Inenso maselo amene ndikugwiritsa ntchito panopa ndi ochita kupatsidwa, ndipo ndimawakhulupirira. Pa ntchito ya m'mbale luciferase ilibe mnzake: mukasakaniza myeloma ndi maselo a stroma (othandizira a m'mafuta a m'mafupa) monga HS-5, kapena ndi CAR-T (maselo a chitetezo osinthidwa) yolimbana ndi BCMA, puloteni ya pa maselo a myeloma, kuwala kumachokera ku maselo a khansa okha, pamene njira yoyesera maselo amoyo ngati MTT imawerengera zonse pamodzi. Kumeneko yambani mawa lomwe ngati mukufuna, bola muike mzere wa maselo owerengedwa kale kuti muone ngati kuwala kukukwera mogwirizana ndi chiwerengero chawo. Za mbewa zokha zidikire kaye zotsatira za STR ndi flow, ndipo ELISA ya lambda muiitanitse tsopano kuti ifike musanayambe kutenga magazi oyamba.