Achimwene, dzuwa la ku Dedza musalipeputse pofolera nyumba

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati munakulira ku Salima, pano nyumba yanu ku Dedza boma yafika pofolera, ndiye mukufunsa ngati n'koyenera kuvutika ndi malata odula poti kuno n'kozizira ndipo dzuwa lake n'lofatsa. Ena akuuzani kale kuti mungogula alionse. Ine ndikutsutsako, chifukwa langa denga linandidyera ndalama kawiri.

Chozizira kuno ndi mphepo, dzuwa ayi. M'kuwala kwa dzuwa muli mphamvu ina yosaoneka imene amaitcha UV, ndipo khungu silimva kutentha kwake. Ndi imene imasulutsa chitenje choiwalika pachingwe, ndi imenenso imaumitsa beseni la pulasitiki mpaka kusweka m'manja. Mpweya wa mlengalenga umasefako mphamvuyi isanafike pansi, choncho munthu ukamakwera phiri chosefacho chimachepa. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati pa mamita 1,000 alionse amene wakwera, UV imawonjezereka ndi 10 mpaka 12 peresenti. Nyanja ya ku Salima kuja ili pa mamita osafika 500, pomwe Dedza boma ili pafupifupi pa 1,600. Ndiye kuti mwachoka kotentha koma mwabwera kumene dzuwa limaluma kwambiri. Kumapeto kwa Okutobala ndi m'Febuluwale limadutsa pamutu penipeni, masana chithunzithunzi chako n'kusowa pansi pa mapazi. Mitambo yopyapyala ija siitchinga zambiri.

Koma mvetsani apa, chifukwa ndi pamene ndalama yanu ipulumukire. Dzuwa silidya chitsulo. Limadya tinthu ting'onoting'ono timene timateteza chitsulocho: penti, timphira ta pamisomali, phula lomatira, ndi chilichonse cha pulasitiki.

Ine ndinakhoma malata ofiira otchipa amene ndinagula pa shopu ina, pamodzi ndi misomali yake ya timphira takuda. Zaka zitatu zoyamba ndinkadzitama. Chaka chachinayi, mvula yoyamba ya Novembala, siling'i ya kuchipinda kwa ana inatuluka mabala ngati mapu. Nditakwera ndi kalipentala tinapeza malata onse ali bwinobwino, popanda bowo ngakhale limodzi la dzimbiri. Koma iye atagwira kamphira kamodzi ndi chikhadabo, kanangoyoyoka ngati makala. Mzere wonse choncho. Misomali ina inali itatukuka, mutu uli m'mwamba, moti chala chinkalowa pansi pake. Nditapukuta lata ndi dzanja, chikhatho chinabwera ndi ufa wofiirira. Ameneyo anali penti wanga akuchoka pang'onopang'ono.

Za misomali yotukukayo, mlandu ndi wa kusinthasintha kwa kutentha. Masana lata limatentha losagwirika, usiku kuno kumazizira mpaka mame kuchita kudontha. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimabwerera. Lata la mamita 6, kutentha kukasiyana ndi madigiri 40, limayenda pafupifupi mamilimita atatu. N'zochepa, koma ndi tsiku lililonse, chaka ndi chaka. Kuthetheka kumene mumamva padenga mtambo ukaphimba dzuwa ndi kumeneko. Si afiti, ngakhale agogo anga sakanavomera. Lata limagwedeza msomali, bowo limakula, kamphira kouma kaja sikatsekanso, madzi n'kulowa. Penti akatha, mame ndi nkhungu za Juni ndi Julayi zimayamba kudya zinki wokuta chitsulo, kenako dzimbiri.

Ndikanakhala inu, ndikanayambira pa geji, nambala yosonyeza kuchindikala kwa lata. Nambala ikachepa ndiye kuti lata n'lochindikala: 28 amaposa 30, ndipo 32 musiyireni khola la nkhuku. Musakhulupirire pakamwa pa wogulitsa. Onani zolembedwa palata, ndipo ngati sipanalembedwe kanthu, pitani kwina. Ngati thumba silikulola malata openta abwino, kuli bwino kugula osapenta ochindikala, a zinki kapena a Aluzinc (okutidwa ndi aluminiyamu wosakaniza ndi zinki), kusiyana ndi openta opyapyala amene akongola zaka ziwiri zokha. Ndikudziwa kuti alamu akufuna denga la buluu loti lizioneka munthu ali pa M1. Auzeni kuti mitundu yakuda bii ndi yowala kwambiri, monga yofiira, ndi imene kusuluka kwake kumaonekera msanga, ndipo yakudayo imatenthetsa lata kwambiri. Yoyererako imabweza dzuwa ndipo imakalamba mwaulemu.

Pokhomera, pamenepo musaumire ngakhale kwacha imodzi. Gulani masikuluwu a malata okhala ndi timphira ta EPDM, timene timapirira dzuwa, m'malo mwa misomali wamba. Akhome pamsana pa lata, osati m'ngalande moyenda madzi. Ndipo muime pomwepo tsiku lokhomalo, chifukwa anyamata ena amamanga sikuluwu mpaka kamphira kuphwanyika n'kutuluka m'mbali. Kamphira kotero kafa kale dzuwa lisanakaone. Kangofunika kukhala bwino, osafinyika.

Mwatchulanso lata loonekera la pakhonde kuti muzilowa kuwala. Limenelo ndiye ndiwo ya dzuwa. Lotchipa limasanduka lachikasu, kenako kuuma, tsiku lina matalala n'kuliboola ngati pepala. Mukalifunabe, funani la pulasitiki wolimba wotchedwa polycarbonate, lotetezedwa ku UV, ndipo dziwani kuti ambiri amatetezedwa mbali imodzi yokha. Mbali imeneyo imalembedwa pa kapepala komata pamwamba, ndipo iyenera kuyang'ana kumwamba. Kalipentala akasenda kapepalako asanawerenge, mwataya ndalama. Mapaipi a PVC olandira madzi a padenga muwapake penti yoyera, ndipo thanki ya pulasitiki muimangire kamthunzi. Kukhitchini ya panja mukafolera udzu, pulasitiki wakuda wapansi asaonekere paliponse. Pamene waonekera ndi pamene adzayambire kung'ambika.

Siling'i ikani, ndipo musiye mpata woti mphepo izidutsa pakati pa iyo ndi malata, kuti thukuta la m'mawa la pansi pa lata lisamanyowetse matabwa.

Chaka chilichonse, mu Seputembala mvula isanayambe, wina akwere m'mamawa lata lisanatenthe koma mame atauma. Aponde pamzere wa masikuluwu pamene pali thabwa pansi. Akande timphira tingapo, apukute penti ndi dzanja, asese masamba a paini amene amaunjikana m'ngalande n'kumasunga chinyezi. Ufa ukayamba kuchuluka m'dzanja, tsukani denga mupentenso chitsulo chisanaonekere. Mukadikira dzimbiri ntchito yake ndi yopala ndi bulashi ya waya, ndipo imawawa msana.

Mukapita kokagula, jambulani zolembedwa palata ndi paketi ya masikuluwu mutumize kuno musanalipire, tizione limodzi.