Kwa achemwali amene akuti anachedwa kuyamba kuthamanga

Achemwali, mwalemba kuti muli ndi zaka 46, kuchipatala anakuuzani kuti BP yakwera, ndiye mwayamba kuthamanga m'mawa koma achinyamata akumakupitirirani ngati mwaima, ndipo mukufunsa ngati kuthamanga kumasinthadi moyo wa munthu kapena ndi zongolemba pa Facebook. Kumasinthadi. Kungoti maso anu ali pamsana wa amene ali patsogolo, pomwe kusinthako kukuchitikira mwa inu.

Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Inu ndi ana amenewo simunayambire limodzi. Ambiri a iwo sanabereke, sanadwazikepo kholo, sanagonepo maso ali gwa chifukwa cha fizi. Miyendo yanuyo yasenza zonsezi, ndipo lero ikuvomerabe kudzuka kusanache n'kukwera chitunda. Ine ndikamaona mayi wa msinkhu wathu akubwera pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu, ndimamupatsa ulemu kuposa mnyamata amene wadutsa ngati mphepo.

Za thupi ndinene mwachidule. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, pakangopita masabata ochepa phuma limayamba kuchepa. Koma mafupa ndi minyewa ya m'mawondo ndi m'zidendene imafuna miyezi. N'chifukwa chake ambiri amapweteka misongolo akangoyamba kumva kukoma, chifukwa chifuwa chikuti tiyeni pomwe miyendo sinakonzeke. Muzithamanga liwiro loti mutha kulankhula ndi mnzanu osabanika. Mukatopa yendani, mpweya ukabwerera yambaninso, ndipo kuyendako si kugonja. Tsiku lina muzipuma. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati wamkulu azipeza mphindi zosachepera 150 pa sabata zolimbitsa thupi mosadzipanikiza, kapena 75 zamphamvu, ndiye mphindi 30 masiku asanu zakwana. Mankhwala a BP musasiye pa nokha ngakhale mutamva kupepuka, ndipo mukamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire imani pomwepo, mukaonane ndi adokotala.

Koma chimene chimandidzutsa ine si BP kapena sikelo. Ndakhala mu Blantyre zaka zambiri, koma mzindawu ndinaudziwa nditayamba kuuponda ndi mapazi m'bandakucha. Mu minibasi umangoona msana wa mnzako ndi dzanja la kondakitala. Pansi umakumana ndi abambo akukankha njinga ya matumba a makala, atayenda usiku wonse kuti afike m'tauni kusanatenthe. Umakumana ndi alonda akuweruka, amayi atasenza beseni la mandasi, ana asukulu manja ali m'khwapa. Umamva kuitana kwa kumzikiti, kenako tambala, kenako tauni yonse. Mu June chiperoni chimakuta phiri la Ndirande mpaka osalionanso, mu October maluwa a jakaranda amayala msewu wonse, ndipo mvula yoyamba ikagwa fungo la dothi limakulowa mpaka m'mutu. Chaka chimasiya kukhala masiku olipira lendi okha. Umayamba kuona kuti uli moyo, ndipo umathokoza popanda wokuuza kuti thokoza.

Mayi anga atamwalira, kunyumba kunalibe malo olirira. Ana amayang'ana nkhope yanga, abale amafuna wowatsogolera. Msewu ndiwo unandilandira. M'mawa wina ndinkalira ndikuthamanga, wina ndinkapemphera, wina mutu unkangokhala zii, ndimangomva mapazi. Chisoni sichinathe chifukwa cha kuthamanga, ayi, koma ndinaphunzira kuyenda nacho. Pachitunda pamabwera mawu m'mutu akuti basi, sungathe. Ukapitiriza pang'ono n'kufika pamwamba, umazindikira kuti mawu aja sanena zoona nthawi zonse. Ndiye tsiku lina akabwera kuntchito, m'banja, kapena bizinesi ikagwa, umawadziwa kuti ndi omwe aja a pachitunda. Kukula kumene anthu amanena ndi kumeneku, ndipo sikuoneka pa chithunzi.

Palinso ichi, makamaka kwa ife amayi. Moyo wathu wonse timasunga malonjezo a anthu ena: a bambo a kunyumba, a ana, a kumpingo, a kubanki m'khonde. Kudzuka kukuzizira, palibe wokukakamiza, palibe wokulipira, ndi lonjezo limene umadzisungira wekha. Ukalisunga kwa miyezi umayamba kudzikhulupirira mwa mtundu wina.

Za manyazi ndikumvetsa. Adzakufunsani kuti "Akukuthamangitsani ndani?" Ena adzanena za zovala zanu. Zimapweteka, ndipo sindikuuzani kuti musamve. Koma pitirizani njira yomweyo, mudzaona omwewo akuyamba kukuwa kuti "Limbani mayi!", ndipo tsiku limene simunadutse adzafunsa ngati mwadwala.

Muganizirenso za mpikisano wa Comrades ku South Africa, wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, mtunda wa makilomita pafupifupi 90. Unayamba mu 1921 ndipo munthu amapatsidwa maola 12. Mendulo imene ili ndi dzina la amene anauyambitsa, Vic Clapham, sapatsa opambana. Amapatsa amene afika mu ola lomaliza, pakati pa maola 11 ndi 12, ndipo amenewa amakhala chikhamu. Anthu odziwa kuthamanga amalemekeza wofika mochedwa chifukwa amadziwa kuti iyeyo ndiye wakhalitsa pamsewu. Kwathu kuno tili ndi Porters Race ya paphiri la Mulanje, yoyambira ku Likhubula, makilomita oposa 20 okwera ndi kutsika m'miyala. Inayamba ndi anthu onyamula katundu wa alendo okwera phiri, anthu amene mphamvu zawo zinachokera m'ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo pano amayi nawonso amathamanga. Mukapeza mpata mu July pitani mukangoonerera pomalizira, mudikire mpaka omaliza afike. Ngakhale katswiri wa ku Kenya Eliud Kipchoge, amene anathamanga marathon (mtunda wa makilomita 42) m'nthawi yosakwana maola awiri ku Vienna mu 2019, analephera kumaliza ku Olympics ya ku Paris mu 2024. Tsiku loipa limagwera aliyense, choncho lanu likadzafika musadzati ndiye mapeto.

Nsapato za pakaunjika ndi zabwinobwino, bola pansi pake pasakhale potha ndipo zala zizipeza malo. Muzithamanga kumanja kwa msewu kuti galimoto zobwera muzizionera patali, muvale zowala, ndipo kukadali mdima musamapite nokha kapena kutseka makutu onse ndi nyimbo. Tiuzeni dera limene mukukhala, mugulu muno simungasowe mayi mnzanu woti muzidzutsana. Ngati muli mbali ya Blantyre ndilembereni ku inbox, Loweruka lino tiyambire limodzi pa liwiro lanu.