Wa tenisi satchinga, amabweza

Mphunzitsi wina wa zamasewero ku Chilomoni wandilembera motere: "Pa mpira wamiyendo timati otchinga kumbuyo. Nanga pa tenisi, munthu amene sathamangira kumenya mwamphamvu, amene amaima kumbuyo n'kumadikira kuti mnzake alakwitse, ndiwauze ana kuti ndani? Ena akuti akudifenda."

Aphunzitsi, funso lanu landisangalatsa, koma "kudifenda" ayi, chonde. Mawu obwereka sindidana nawo: tenisi ndi raketi tinalandira chifukwa makolo athu analibe zinthuzi. Koma kubwereka mchere uli nawo m'nyumba ndi ulesi, ndipo ulesi umenewu ndikuumva tsiku ndi tsiku pa wailesi.

Kutchinga nakonso sikukwana. Timatchinga pamene pali chinthu kumbuyo kwathu choti chisafikiridwe: mpanda umatchinga mbuzi, chipewa chimatchinga dzuwa, wosewera pa Kamuzu Stadium amatchinga golo. Kumbuyo kwa wa tenisi kulibe golo. Kuteteza kumandikumbutsa katemera ndi asilikali, n'kolemera kwambiri pa kampira kakang'ono kaja.

Mawu ake ndi kubweza. Taonani m'mene anabadwira: chinthu chimabwera, iwe n'kuchibweza, monga chimalowa iwe n'kuchilowetsa, chimatuluka iwe n'kuchitulutsa. Kubweza ndi kuchititsa kuti chinthu chibwerere kumene chachokera. Timabweza ngongole, timabweza mlendo panjira. Ndili mnyamata ndinkaima kunja kwa waya pa bwalo lina la tenisi mumzinda muno, kuonerera bambo wina wa imvi amene sankamenya mwamphamvu n'komwe. Mpira wotsika ankaudula pansi kuti uyende chokwawa, ukamupanikiza ankaukweza m'mwamba kuti apeze mpata wobwerera pakati. Anyamata otola mipira ankanong'onezana kuti, "Achikulirewa amangobwezabweza." Palibe anawaphunzitsa mawuwo. Chichewa chikabwereza tsinde chimasonyeza chinthu chochitika kambirimbiri, monga kuyendayenda ndi kufunsafunsa. Ndiye wosewera wotere ndi wobwezabweza, ndipo mdani wake amagonja ndi kutopa komanso mtima wapachala.

Koma pali mtundu wachiwiri, ndipo apa mpamene chiyankhulo chathu chikundikomera. Onjezani -er- pa kubweza, mupeza kubwezera, mawu amene timanena munthu akachitiridwa chipongwe n'kudikira tsiku lake. Rafael Nadal, amene anapambana mpikisano waukulu wa ku Paris wotchedwa Roland Garros maulendo 14 pakati pa 2005 ndi 2022, sankangobwezabweza. Bwalo la ku Paris ndi la dothi lofiira, mpira umachedwa ndipo umadumpha kwambiri, choncho iye ankaima kutali ndi mzere wakumbuyo, kupirira, kuthamangira mpira uliwonse, mpaka mnzake atasiya mpata. Akauona mpatawo ankamenya kamodzi kokha basi. Ameneyo ndi wobwezera. Novak Djokovic chimodzimodzi. Awiriwa atakumana mu fainolo ya mpikisano wa Australian Open mu 2012 anasewera maola 5 ndi mphindi 53, chifukwa aliyense ankakana kuti mpira ufere kwake. Kwa amayi, Caroline Wozniacki, amene anatenga chikho chomwecho mu 2018, ndimamuika pakati pa mitundu iwiriyi, ngakhale kwa ine amapendekera kwa obwezabweza.

Wina anena kuti kubwezera kukumveka ngati chidani. Ine sindikuona vuto. Atolankhani athu amalemba kuti timu yabweza moto kapena yabweza chipongwe, ndipo palibe amaganiza kuti kwachitika ndewu.

Chimene sindilola ndi kunena kuti wosewera wotere ndi wamantha, monga ndinamvera mnyamata wina akunena mu minibasi ya ku Limbe. Wamantha amathawa mpira, pamene uyu amautsatira mpaka kumpanda. Choncho aphunzitsi, mwana amene akungouponya mpira kutsidya kwa ukonde mosatopa muzimuti wobwezabweza. Tsiku limene adzaphunzire kudikira mpata n'kumenya, mudzamukweze, mudzamutche wobwezera.