Yankho kwa alamu pa za gitala yamphako ija

Alamu mwaswera bwanji ku Chinamwaliko, ana ali bwa? Ndamva funso mwaponya pagulu pano lija, loti pa magitala mukupangawo, a bokosi ndi amagetsi a thabwa lathunthu aja, kodi muwonjezerepo amagetsi amphako mkati, okhala ndi mabowo awiri ngati a vayolini. Ndati ndingolankhula chifukwa kulemba kutalika, ndiye azakhali ndi ena nonse amene za magitala sizikukukhudzani mundikhululukire, ingodumphani.

Ine ndikuti inde pangani, koma osati yamphako yonse ayi, komanso osati kupanga zambirimbiri nkuzikoleka pakhoma kudikira wogula. Ndifotokoze kaye.

Ganizirani amene amagula kwa inu ndi ndani. Ndi anyamata a praise team, a ma bandi a pa ukwati ndi pa chinkhoswe, mwina ndi ana a ku Chanco ochepa amene akuphunzira za nyimbo. Ndiye inu mukudziwa mmene timayimbira kunoku, sipika zili kumbuyo kwenikweni kwa woyimba, holo ya malata, wa pa mikisa wakweza mpaka kumapeto, wa ma dramu naye sakunyengerera. Gitala yamphako yonse mukalowa nayo malo otere imalira yokha, kuti wuuuu, musanakhudze nkomwe nsambo. Chimachitika nchoti phokoso lochoka mu sipika limamenya thabwa lapamwamba lija, ndiye poti ndi lopyapyala ndipo pansi pake pali mphepo yokhayokha limanjenjemera ngati chikopa cha ng'oma, likanjenjemera limagwedeza nsambo, pikapu (kachipangizo kotola kunjenjemera kwa nsambo) nkutola, ampu (chokuzira mawu) nkukweza, sipika nkubwezanso ku thabwa lomwe lija, basi zikungozungulira. Ndi feedback imene timalimbana nayo pa ma maiki ija, koma iyi ikuchokera m'mimba mwa gitala. Ine ndi ntchito yanga ya zokuzira mawuyi ndimaona, woyimba amayamba kutembenuka uku ndi uku kuthawa sipika, mpingo wonse ukumuyang'ana, ndipo akatuluka pamenepo sanena kuti holo ndi yoipa, amati gitala ya kwa uje ndi yoipa. Dzina limene likuonongeka ndi lanu alamu.

Vutoli si lathu lokha ayi, ndi lakale. Kampani ya magitala ya Gibson inatulutsa gitala ya ES-150 mu 1936, yamphako yonse, imene Charlie Christian anatchuka nayo pa jazi, ndipo inkayenda bwino chifukwa ma ampu a nthawi imeneyo anali ang'onoang'ono. Ma ampu atayamba kukula, kulira kuja kunakula nawo, nchifukwa chake kunabwera za thabwa lathunthu, Telecaster ya kampani ya Fender, kenako Les Paul ya Gibson mu 1952, Stratocaster ya Fender mu 1954. Ndiye mu 1958 Gibson yemweyo anatulutsa ES-335, imene kunja ukaiona ngati yamphako koma mkati, pakati penipeni, kuchokera pa khosi mpaka kumunsi, munadutsa chipika cha mtengo, ma pikapu ndi buliji (potsamira nsambo) zinakhala pa chipikacho, mphako inangotsala m'mbalimu. Imeneyo ndi imene amati semi-hollow, ndipo mpaka lero ikupangidwabe. Ngakhale B.B. King, gitala yake yotchedwa Lucille imene Gibson anamupangira ija inalibe mabowo konse, anachita kupempha kuti asaboole pofuna kuthana ndi kulira komweku. Munthu woyimba blues moyo wake wonse ameneyo, ndiye ife a mu holo ya malata tingalimbe?

Tsono ntchito yake. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa inu mukhoza kunena kuti aaa ine ndimapinda kale mbali za gitala ya bokosi, ndiye chovuta nchiyani. Kupinda mbali inde mumatha, koma pamwamba pa 335 si pafulati, ndi potukuka, ndipo ku fakitale amatenga timatabwa topyapyala nkutimata ndi guluu kenako nkutipanikiza mu chikombole ndi makina otentha. Inu chikombole chimenecho mulibe, ndiye mudzachita kusema ndi manja kunja ndi mkati, masiku kupita, thabwa lalikulu kuthera mu zipalapatiro. Kenako mawaya. Gitala imeneyi kumbuyo ilibe chitseko, ma voliyumu ndi ma toni onse ndi jeki (polowetsa chingwe cha ku ampu) yomwe mumaziwotcherera panja, nkuzilowetsa kudzera pa kabowo kopindika kaja, nkumazikoka ndi ulusi kapena kapaipi kuti chilichonse chitulukire pa bowo lake, ndipo waya umodzi ukaduka mkatimo mutulutsanso zonse. Vanishi mwapaka kale, mukuopa kukanda. Kasitomala wa ku Matawale kapena ku Songani adzalipira nthawi imeneyo? Iye akafanizira ndi mtengo wa gitala ya Ibanez Artcore kapena Epiphone imene msuweni wake angamubweretsere pa basi kuchoka ku Joni, zopangidwa ku China ndi ku Indonesia zambirimbiri pa tsiku. Pamenepo simungapikisane nawo.

Ngakhale Fender weniweniyo anayesapo. Mu 1966 anatulutsa Coronado, yamphako yonse, pofuna kulanda msika wa Gibson ndi Epiphone, koma oyimba sanailandire bwino ndipo pofika 1972 anaisiya. Koma mu 1968 anatulutsanso ina, Telecaster Thinline, ndipo imeneyi ndi imene ndikufuna muitengere nzeru. Anangotenga thupi la Telecaster lomwe lija, nkulikumba mphako m'mbali, pakati nkusiya mtengo, nkutseka ndi thabwa lafulati, bowo limodzi lokha kumtunda, ma voliyumu nkukhala pa pulasitiki ya pamwamba ija moti kukonza nkosavuta. Cholinga chawo chinali kupepukitsa gitala chifukwa matabwa amene ankapeza anali olemera. Ndiye taonani, rauta yokumbira thabwa muli nayo, ma kilampu muli nawo, template ya thupi muli nayo kale, khosi ndi lomwe lija, ma pikapu omwe aja. Simukuitanitsa chatsopano chilichonse kunja, ndipo ndi mmene ndalama yakunja ikuvutiramu kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chimenecho si chaching'ono.

Mtengo wake gwiritsani mbawa. Ma Thinline oyamba ena anali a mahogany, ndipo mbawa yathuyi ndi ya banja lomwelo, kunja amaigula kupangira magitala. Pamwamba mukhoza kumata mlombwa wopyapyala, mizere yake ija ikalowa vanishi munthu sangadutse osaima. Mkungudza wa ku Mulanje musaukhudze ngakhale wina akubweretsereni motchipa, ndi woletsedwa ndipo watsala pang'ono kutheratu. Koma chachikulu, thabwa liume ndithu. Zomba ndi wa chinyezi, mvula ya Januwale, nkhungu yotsika m'phirimu nthawi yozizira, kenako dzuwa la Okutobala, thabwa lopyapyala lomatidwa lisanaume lidzang'aluka pa bowo paja kapena guluu adzasiya m'mbali. La thabwa lathunthu limapirira zimenezi, lamphako silikhululuka.

China, ndamva mwanena kuti ubwino wake munthu akhoza kuyimba magetsi akathima. Ayi alamu, zimenezo musamulonjeze kasitomala. Imamveka pang'ono inde, yokwana kuphunzirira kuchipinda usiku, koma kutsogolera kwaya singathe, pamenepo ya bokosi yanu ija ndiye mwini wake. Ubwino wake weniweni ndi kupepuka pa phewa kwa munthu woima pa ukwati kuyambira masana mpaka usiku, ndi mawu ake ofewa, onenepa pang'ono, amene a jazi ndi a gospel yodekha ija amawafuna. Ndipo oterowo alipo, achinyamata amene amamvera katswiri wa gitala Erik Paliani nkumafuna kuyimba choncho akuchuluka.

Ndiye pangani imodzi yokha kaye, ya mtundu wa Thinline, ikhale yoonetsera. Muibwereketse kwa woyimba amene mumamukhulupirira akaiyese ku tchalitchi kwawo Lamulungu, pa voliyumu yawo yeniyeni, abwere akuuzeni. Ofuna azipereka dipoziti yokwana matabwa ndi ma pikapu musanayambe kudula. Yamphako yonse ija muzipanga pokhapokha munthu wabwera yekha, akudziwa chimene akufuna, ndipo wavomera mtengo wa masiku anu onse.

Loweruka ndili ndi ukwati ku Domasi, pobwerera ndidzadutsa ndi ampu ndi sipika imodzi. Mundisungire thupi limodzi la gitala losapaka vanishi ndi matabwa a mbawa aja munati mwasunga kudenga, tikayeze kunenepa kwake tione ngati akukwana kukumba.